Zithunzi Zinayi za Mazira Osweka

Lolemba, 9 Juni

Ayi, Achemwali, sindinabise. Ndinangosunga. Wobisa amakumba dzenje, ine ndinaika pepalalo m'thumba la chitseko cha pikapu, pomwe aliyense wofuna sipanala akanaliona. Ndimafuna kukuyankhani choncho m'mawa uja koma simunandipatse mpata, ndiye ndayankhira muno m'kope, poti kope silikalipa.

Chisamani cha kukhoti. Anandipatsa pa 30 Meyi ndili kukhola ndikupakira mazira. Munthu wa njinga yamoto, "sainani apa", n'kuzimiririka. Chizungu chokhachokha, chija cha mafupa. Ine sukulu ndinaisiya isanandisiye, komabe dzina langa ndinaliona, la Achemwali ndinaliona, ndi nambala ya ndalama yokhala ndi maziro ondondozana ngati mazira pa thileyi. Ndinapinda bwinobwino. Ndinati ndithana nazo ndekha.

Lero Achemwali amafuna sipanala.

Otisumirawo ndi bambo aja ndinagundana nawo mu Epulo, pa mphambano ya pafupi ndi pomwetsera mafuta. Ndimawatcha a Khosi, chifukwa chiyambire tsikulo amayenda atavala chikolala choyera chakuchipatala, akamatembenuka amatembenuka thupi lonse ngati kabati. Akuti ndinawaphwanyira galimoto ndi khosi lomwe. Asumira ine woyendetsa, asumiranso Achemwali eni pikapu.

Achemwali ayamba kuwerenga ataimirira, amalizira atakhala pa chidebe. Akuti pepalalo latipatsa masiku khumi ndi anayi oti tiyankhe. Tikapanda kuyankha, khoti liweruza ngati tavomera, kenako kubwera anthu odzatenga katundu. Nanga katundu wathu n'chiyani? Nkhuku ndi pikapu. Pikapu imene anagula atagulitsa makina awo osokera ndi puloti ya malemu bambo. Masiku khumi adyedwa kale ndi thumba la chitseko. Atsala anayi.

"Wailesi, bweretsa makiyi."

Wailesi ndine. Anandipatsa dzinalo ndili wamng'ono chifukwa sindizima. Ndapereka, awaika m'kachikwama ka m'chiuno, zipi fyuu. Kuyambira mawa ayendetsa ndi Alamu, amuna awo, munthu woyenda pa msewu ngati wanyamula tiyi wodzaza m'sosala.

Makiyi amenewo abwerera kwa ine. Ndalemba pano kuti ndisaiwale.

Palinso pepala lachiwiri, koma za limenelo sindinawauze.

Lachiwiri, 10 Juni

Ku ofesi ya inshuwalansi. Nyumba yosanja, mipando yolumikizana ngati ya kuchipatala, mphepo yozizira yochokera m'kabokosi ka pakhoma. Ndavala shati ya Alamu, mikono yake yofika ku zala. Njira yonse Achemwali sanandilankhule, amangoyang'ana pawindo.

Yathuyi ndi inshuwalansi ija yolipira za mnzako amene wamuonongera, zako umadzionera wekha. Oyang'anira madandaulo ndi mayi ena a magalasi okhala kumapeto kwa mphuno, ndiye basi ndi Mayi a Magalasi. Atulutsa fayilo yathu, ati Achemwali anachita bwino kuwauza za ngozi tsiku lomwelo mu Epulo. Kenako ayang'ana deti la pa chisamani.

"Nanga ichi chinali kuti masiku onsewa?"

"Chimapuma, mayi," ndatero ine.

Palibe waseka. Ngakhale kabokosi ka mphepo kanakhala ngati kasiya kupuma.

Andifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa mkaka. Akuti munthu akakusumira pa nkhani ya ngozi, pepalalo umabwera nalo tsiku lomwelo, osayankha, osalembapo kanthu. Iwo ali ndi maloya awo, amakuyankhira kukhoti, ndipo ngati pali cholipira amalipira mpaka pomwe mgwirizano walekezera. "Mumatilipira chaka ndi chaka kuti tsiku ngati limeneli mutibweretsere moto tiuzimitse. Inu mwauika m'thumba."

Kenako funso lija ndimaliopa. "Munalankhulapo ndi bamboyo, kapena loya wake?"

Ndikanakana. Koma maso a mayiwo amadutsa pamwamba pa magalasi n'kukulowa mpaka m'matumbo. Ndaulula. Loweruka la pa 31 ndinapita kwa a Khosi ndi mathileyi awiri a mazira. Ndimati munthu ndi munthu, ukapita n'kumuseketsa pang'ono mtima umatsika. Pakamwa pangapa panandipulumutsa kwa aphunzitsi, kwa apolisi a pamsewu, kwa bambo a mtsikana wina, nanga a Khosi ndi ndani? Anandilandira bwino zedi, mpando wa khushoni, zakumwa zozizira. Anaseka nthabwala zanga zonse, atagwira chikolala. Pomaliza analemba kapepala n'kuti, "Mwana wanga, saina apa kuti unabwera kudzapepesa, nkhaniyi ithere pano." Ndinasaina, ndi kamchira komwe.

Mayi a Magalasi avula magalasi. Akuti kapepalako kafika kale kwa iwo dzulo kuchokera kwa loya wa a Khosi, amadikira kuti aone ngati ndinene ndekha. Sikakunena kuti ndinabwera kudzapepesa. Kakunena kuti wolakwa ndine, ndipo ndilipira zonse.

Atsegula mgwirizano wathu n'kuloza ndi cholembera. Woyendetsa asavomere kulakwa, asalonjeze kulipira, popanda chilolezo cha kampani. "Pa chifukwa chimenechi chokha tikhoza kusamba m'manja, mlanduwu n'kukhala wanu ndi achemwali anu. Sindikunena kuti titero. Loya wathu ayankha kukhoti lisanafike Lachisanu, kuti chitseko chisatsekeke. Uku akuluakulu akhala akuunika ngati tipitirize kukuimirirani. Kuyambira lero, ife muzitiuza zonse. Kunja uko, pakamwa potseka."

Pa masitepe Achemwali alankhula koyamba lero. "Mathileyi awiri aja unati anasweka pa bampu, n'kuti foni yako inatha moto sunajambule. Anali amenewa?"

Ndati anali amenewa.

"Mazira anga. Unakagula nawo chingwe chodzimangirira."

Lachitatu, 11 Juni

Kwabwera wofufuza wa kampani, mkulu wamfupi wa chipewa, tepi yoyezera pa lamba ngati mfuti. A Tepi. Ayamba ndi pikapu, agwada, agwiragwira pomwe tinawongola, ajambula. Kenako tapita limodzi pa mphambano.

Nkhani ya a Khosi ndi yoti iwo anaima bwinobwino kuseri kwa mzere woyera wa kamsewu kawo, ine n'kuchoka mu msewu waukulu kukawapeza komweko. Nkhani yanga ndi yoti anatulutsa mphuno ya galimoto mpaka pakati pa njira yanga, osaima. Apolisi anafika anthu atakankhira kale magalimoto pambali chifukwa msewu unatsekeka, ndiye lipoti lawo likungoti wina akuti chakuti, wina akuti chakuti.

Miyezi iwiri yapita, mvula inatsuka, matayala anapukuta. Pa tara palibe kanthu. Tafunsa mayi wogulitsa mayunitsi pa ambulera, akuti anamva phokoso lokha, maso anali pa chenji. Mnyamata wothira mafuta akuti anali pa tchuthi. Pa tsikulo anthu analipo ngati pa msonkhano, kulimbirana mazira osasweka. Lero aliyense anali kwina.

"Inu achinyamata mumajambula chilichonse, ndi mbale ya chakudya yomwe," atero a Tepi. "Magalimoto simunajambule?"

"Magalimoto ayi, bwana. Ndinajambula mazira."

Andiyang'ana ngati ndawatukwana. Ndawafotokozera lamulo la Achemwali. Dzira likasweka panjira, jambula pomwepo utumize, apo ayi ndiye kuti wagulitsa. Ndiye tsiku la ngozi, anthu akukuwa, a Khosi akutukwana, chimene mutu wanga unakumbuka ndi chimodzi: Achemwali sakhulupirira. Ndinajambula mazira ali mbwee pa msewu, magalimoto asanasunthidwe.

A Tepi anagwira chipewa. "Mazirawo anagwera pati? Galasi la nyali likuoneka? Mzere woyera ukuoneka? Mwana iwe, galasi silidziwa kunama, limagwera pomwe lasweka. Zili kuti zithunzizo?"

M'foni mwanga ndinafufuta kalekale kuti nyimbo zikwane. Zinatsala kwa Achemwali.

Kunyumba ndafunsa kudzera mwa Alamu, poti eni ake sakundilankhula. Yankho labweranso kudzera mwa Alamu, ngakhale tonse atatu tinali pa tebulo limodzi. Akuti zili m'foni yakale, imene inafa mu Meyi, ili mu dilowa ya mabatani. Ndaitenga. Yakuda bii, pobayira chaja pali gwedegwede ngati dzino la mwana.

Foni iwe, udzuka. Ufune usafune.

Lachinayi, 12 Juni

Ndayenda wapansi mpaka ku mashopu, kwa dokotala wa mafoni, uja wa kakhumbi kodzaza mawaya. Akuti bwera Lolemba. Ndati Lolemba ndidzakhala ndilibe pikapu, ndilibe mlongo, mwina ndi dzina lomwe. Ndakhala pa benchi yake kuyambira m'mawa, kumusesera, kumuitanira makasitomala, kuwauza kuti anadzutsapo foni yomwe inagona m'chitsime chaka chathunthu. Pofika masana anatopa nane. Waitsegula, wawotcherera, kautsi fuu, dikirani.

Yayaka!

Zithunzi zilipo zinayi. Choyamba mazira okhaokha, chikasu ngati wina wataya penti. Chachiwiri ndiye golide: magalasi a nyali ya a Khosi ali waa pakati pa msewu waukulu, pafupi ndi chivundikiro cha ngalande, ndipo mzere woyera uli kutali kumbuyo kwa matayala awo akutsogolo. Chachitatu, kuseri kwa mathileyi, a Khosi eni ake atasenza bampala ya galimoto yawo paphewa, khosi atapotolera kumbuyo kukalipira munthu. Khosi limenelo! Ndavina pa benchi, dokotala anachita kundigwira kuti ndisagwetse mawaya.

Chachinayi ndinajambula nditatembenukira komwe ndimachokera, kutsata mathileyi amene anauluka poyamba. Mazira akuoneka, inde. Koma pakati pawo pali mizere iwiri yakuda ya matayala anga, yayitali, kuyambira pafupi ndi chikwangwani cha pomwetsera mafuta mpaka pa ngozi.

Dokotala anasuzumira. "Mabuleki amenewa munayambira kwanu?"

Muno m'kope ndinene zoona. Ndinachedwa tsikulo. Mwini golosale anali ataimba kawiri. Ndimathamanga, ndipo dzanja limodzi linali pa wailesi kusaka nyimbo. A Khosi anatulukadi osaima, koma ndikanakhala pa liwiro la Alamu bwenzi nditaima, n'kuwatukwana bwinobwino, n'kumapita.

Chala changa chinakhala pa kabini kofufutira mpaka sikirini inazima yokha. Sindinafufute. Si foni yanga. Koma kwa a Tepi ndatumiza zitatu.

Lachisanu, 13 Juni

Loya wa kampani wayankha kukhoti, tsiku lomaliza lenileni. Ndi mtsikana, mwina wamkulu kwa ine zaka zisanu zokha, nsapato zazitali zili pansi pa tebulo iye ali ndi masokosi. Waseka ataona a Khosi ndi bampala. Munthu woyamba kuseka m'nyumba imene ija.

Wandiuza kuti ndifotokoze zonse kuyambira podzuka, iye akulemba. Pomaliza wafunsa, "Pali china chimene ndiyenera kudziwa? Ine ndine loya wanu. Ndisadzachimvere kukhoti kuchokera kwa anthu ena."

Ndati palibe.

Pobwerera ndimayenera kusangalala. Koma chithunzi chachinayi chija chandiperekeza njira yonse.

Loweruka, 14 Juni

Ndakwezedwa pa ntchito: tsopano ndine wotsitsa mathileyi. Alamu pa chiwongolero, manja onse awiri, msana njo. Njinga yakapalasa yatipitirira. Galu wopunduka watipitirira. Ndati Alamu, pofika ku golosale mazirawa akhala ataswa anapiye. Angoti, "Koma afika."

Tili pa golosale yachiwiri foni yanga yalira. A Khosi! Mawu okoma ngati uchi. Akuti mwana wanga, zamaloyazi zingotidyera nthawi, tikumane tikambirane ngati amuna, mwina nambala ija itsika. Ndiye kuti amva za zithunzi.

Mmene pakamwa panga panayabwira! Ndimafuna kufunsa ngati bampala ija imalemera. Ndimafuna kufunsa ngati chikolala amavula posamba kapena amachichapira m'khosi momwemo. Nthabwala zinali pa mzere kukhosi ngati anthu pa banki.

Ndati, "Lankhulani ndi a inshuwalansi, bambo."

Akuti iwe usandiyankhe ngati makina, suja unadya za m'nyumba mwanga?

"Lankhulani ndi a inshuwalansi, bambo."

Akuti ndili ndi siginecha yako, ndikumangitsa.

"Lankhulani ndi a inshuwalansi, bambo." N'kudula.

Thukuta kamukamu, ngati ndatsitsa lole ya simenti. Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigulira chakumwa. Ndalembera Mayi a Magalasi uthenga kuti bambo aja anaimba nthawi yakuti, ananena zakuti. Ayankha liwu limodzi: "Mwakhoza." Kusukulu sindinalimvepo limenelo.

Lamulungu, 15 Juni

Ndabweza foni yakale mu dilowa dzulo. Lero masana ndaipeza pa tebulo, pamalo panga, itatsamira kapu, chithunzi chachinayi chili chotsegula. Achemwali ali panja akuchapa, msana kuno.

Alamu akudutsa ndi ndowa angoti, "Akuti zinali zinayi."

Lolemba, 16 Juni

Ndadzuka ndisanaitanidwe, ndadyetsa nkhuku, ndatenga foni ija, wapansi mpaka ku inshuwalansi. Ndekha. Njira yonse mutu umandiuza kuti bwerera, chithunzi chimenechi chikawapatsa chifukwa chachiwiri chosambira m'manja, pikapu ipita chifukwa cha iwe kawiri. Miyendo sinamvere.

Ndaika foni pa tebulo la Mayi a Magalasi. Ndati Lachisanu ndinanamiza loya, chithunzi china ndi ichi, ndimathamanga, ndipo ndimasintha nyimbo. Ndinakonza kanthabwala kotsekera koma kanakana kutuluka.

Ayang'ana chithunzi, ayang'ana ine. Aitana loya. Loya akuti mbali inayo ikanapempha foni yonseyo, poti zithunzi zimakhala ndi manambala otsatizana, ndipo akanafunsa kuti china chili kuti. "Bwenzi zitatu zabwinozi zitafera limodzi ndi chimenechi, inu mukuoneka wabodza pamaso pa woweruza."

Ndafunsa ngati tsopano atisiya.

Mayi a Magalasi akuti, "Achimwene, kuthamanga ndi kulakwitsa pa msewu ndiye ntchito yathu, inshuwalansi inapangidwira zimenezo. Chimene sitilipira ndi bodza. Za kapepala munasaina kaja akuluakulu sanayankhebe. Koma ndilemba mu fayilo kuti ichi mwabwera nacho nokha."

Masana tabwerera pa mphambano ndi a Tepi. Ine kugwira kumapeto kwa tepi pa chivundikiro cha ngalande, iwo kukoka mpaka pa mzere woyera, magalimoto akutiimbira mahutala. Akuti a Khosi anadutsa mzere ndi theka la galimoto. Ndati eya! Kenako ati pita ukaime pa chikwangwani. Ndayenda, ndayenda, tepi yatha ndisanafike. Achita kuyeza kawiri n'kuphatikiza.

"Unali ndi mazira kumbuyo kapena wodwala?" afunsa.

Mayi wa mayunitsi uja, amene sanaone kanthu, wakuwa ali pa ambulera yake: "Amathamanga ameneyo, ndinamuona!" Zikomo mayi. Maso abwerera.

Kunyumba ndabweza foni mu dilowa. Chakudya chamadzulo ndapeza mbale yanga yovundikira bwino, ndi nyama yochuluka kuposa ya Alamu. Mawu ayi.

Lachinayi, 19 Juni

Zii. Ndaimba ku ofesi, akuti fayilo ili m'mwamba. M'mwamba mwake muti, kwa Mulungu?

Lachisanu, 27 Juni

Kudikira kumapweteka kuposa kukalipiridwa. Galimoto iliyonse yachilendo ikaima pa geti ndimati ndi odzatenga pikapu. Dzulo Achemwali ndinawapeza akuipukuta galasi ndi nsalu yawo yabwino, pikapu yoti yatsukidwa kale.

Ine ndikukonzekera za kukhoti. Ndimayeserera kukhola popereka madzi. Nkhuku mazana atatu ndiwo anthu, tambala wolumala uja ndiye woweruza. "Wolemekezeka, taonani khosi ili, lasenza bampala, lero likulephera kusenza mutu!" Nkhuku zonse kokoliko, mlandu watha. Ndikalankhula tsiku limenelo anthu adzalipira polowa.

Loya waimba masana. Akuti alembera mbali inayo kupempha mapepala akuchipatala a khosi lija, komanso kuti a Khosi akapimidwe ndi dokotala wosankhidwa ndi kampani. Ndati ndiperekeze, ndikagwire tochi. Akuti khalani kunyumba.

Ndapempha Alamu andiphunzitse kuyenda kwawo kuja. Akuti palibe chophunzitsa, umangonyamuka msanga.

Lachinayi, 10 Julayi

Atiitana tonse awiri. Achemwali avala diresi la kutchalitchi, ine shati ya Alamu yomwe ija. M'chipinda muli Mayi a Magalasi ndi loya, nsapato atavala.

Choyamba: akuluakulu avomera kutiimirira. Akuti kapepala kaja kanawavutitsa, koma zithunzi zakafooketsa, ndipo zimene mayi analemba mu fayilo zinathandiza. Atipatsa kalata yochenjeza, ndipo chaka chamawa inshuwalansi ikwera. Achemwali angogwedeza mutu.

Chachiwiri: mlandu sukupita kukhoti. Agwirizana ndi loya wa a Khosi. Za khosi zagwa zokha, bamboyo atamva za dokotala wa kampani akuti wayamba kupeza bwino. Za galimoto kampani ilipira gawo lochepa, lotsalalo adzionere. A Khosi akasaina kuti nkhani yatha, sadzatisumiranso, ndipo chisamani chichotsedwa.

Ndaimirira. Ndati bwanji? Munthu wabodza, wodya mazira a eni, mukumulipiranso? Ine ndakonzekera milungu itatu! Tipite kukhoti, ndikamuvule chikolala pamaso pa anthu! Komanso mwagwirizana bwanji osandifunsa?

Mayi a Magalasi atsegulanso mgwirizano uja, cholembera pa mzere wina. Kampani ili ndi ufulu wothetsa mlandu mmene yaonera, poti ndalama zotuluka ndi zake. Loya akuti kukhoti kukanatenga chaka kapena ziwiri, ndipo woweruza akanaona zithunzi zonse zinayi pamodzi ndi siginecha yanga ya kamchira. "Sitikulipira khosi lawo. Tikulipira mabuleki anu."

Ndakhala pansi. Tepi ija inatha ndisanafike pa chikwangwani, ndinaona ndekha.

Achemwali manja ali pa kachikwama. Afunsa funso limodzi lokha. "Nanga pikapu?"

"Pikapu ndi yanu, mayi. Palibe adzaikhudza."

Atulutsa mpweya ngati tayala lobooka. Kenako afunafuna kansalu m'chikwama, akuti mphepo ya kabokosi ija imawalowa m'maso.

Potsika masitepe, ndani uyo akukwera kudzasaina? A Khosi. Opanda chikolala, khosi lili see, pali kamzere koyera pomwe dzuwa silimafika. Atationa anatembenuza mutu msangamsanga kuyang'ana kukhoma, kutembenuza kwake ngati kadzidzi. Ambuye! Nthabwala yabwino chotere sidzabweranso moyo wanga wonse. Inafika pa lilime, ndinamva kukoma kwake.

Ndati, "Mwaswera bwanji, bambo." N'kudutsa.

Pansi pa masitepe Achemwali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Afunsa ngati ndikudwala.

Lachisanu, 11 Julayi

Ndadzuka kusanayere bwino, ndathira madzi, ndatola mazira, ndapakira mathileyi onse, ndamanga chingwe kawiri. Ndayang'ana mafuta, ndayang'ana mpweya wa matayala. Thumba la chitseko ndalikhuthula, mwatsala sipanala yokha ndi kapepala kamene ndalembapo nambala ya Mayi a Magalasi. Kenako ndakakhala ku mpando wa wotsitsa, kudikira Alamu.

Alamu atuluka ndi kapu ya tiyi, patapata kumapazi, akhala pa khonde. Sakusuntha. Ndati Alamu, dzuwa likukwera, paja mumati umangonyamuka msanga. Angomwa tiyi.

Kenako Achemwali. Aima pa windo la mbali yanga, ayang'ana chingwe, achikoka kuti aone ngati chalimba. Alowetsa dzanja m'galimoto, agwira kabatani ka wailesi, akoka mpaka kazuka, akaponya m'kachikwama ka m'chiuno. Zipi sanatseke. Dzanja latulukamo ndi makiyi, awaika pa mpando wa dalaivala.

"Wakhala mbali yolakwika. Yambira golosale ya pa mlatho, akudikira. Ndipo likasweka ngakhale limodzi, ujambule."